Tambala kapena Chikepe

Lolemba, 6 Novembala

Gulu lathu la pa Fesibuku lafika anthu zikwi zitatu! Ndalengeza ndili kushopu, kasitomala atakhala pampando ndi magalasi oyesera pamphuno, akudikira kuti ndimufunse ngati akuona bwino. Wadikira ndithu.

Zaka makumi anayi chitulukireni kaseti yoyamba ya Dindo Valmores. Mwiniwake anatisiya kalekale, koma taonani anthu akumukumbukira tsiku ndi tsiku, ena ku Canada, ena ku Italy, ena konkuno ku Iloilo. Bebot, mnzanga wa unamwino ku Dubai amene timayang'anira naye gululi, waponya chithunzi cha Dindo ataima kumbuyo kwa makiyibodi atatu, jekete lasiliva, tsitsi lili njoo ngati wagwira waya wamagetsi. Sindikudziwa kuti ndachitsegula kangati.

Kenaka wina watsopano wafunsa funso lija. Salephera kulifunsa anthu atsopanowa. Akuti kaphokoso kamene kamamveka kumapeto kwa nyimbo ya "Chikepe", ng'oma za makina zitasiya, n'chiyani? Ndayankha mofatsa. Nyimboyo ikunena za mnyamata amene akudikira chibwenzi chake pansi pa nyumba yosanja. Dzina la nyimboyo ndi "Chikepe". Ndiye kaphokosoko ndi chitseko cha chikepe chikutseguka, Dindo anakapanga dala pa kiyibodi. Mtsikana uja wafika. Si tambala. SI TAMBALA.

Za tambalazi anayambitsa ndi munthu wina wodzitcha Khutu la Golide. Ndinamupirira chaka chathunthu, zolemba zake zitalizitali zosawerengeka. Tsiku limene anamata mutu wa tambala pa chithunzi cha Dindo ndinamulembera pagulu kuti, "Mbuzi yogontha iwe, kadye udzu kwina," n'kumuchotsa. Papita zaka ziwiri. Ndimamva kuti anakayambitsa kagulu kake. Kwa ine ndi Mbuzi basi. Iye amandidziwa kuti Mfumukazi ya Chikepe, pakuti dzina langa lenileni pagulupo amalidziwa ndi Bebot yekha.

Nkhani yaikulu ndaisiyira kumapeto ngati chitsiru. Kristel wati makolo a chibwenzi chake Renz adzawoloka kuchokera ku Bacolod Lamulungu la pa 19 kudzamupempha ukwati. Mwana wanga mmodzi yekhayo! Ndalirira m'mbale ya mpunga. Mwamuna wanga Nestor wapitiriza kutafuna, n'kufunsa ngati tiitanitse nkhumba yowotcha yathunthu kapena theka.

Lachitatu, 8 Novembala

Ambuye ndichitireni chifundo.

Renz anabwera kudzadya nafe. Mwana wabwino, wofatsa, amadya chilichonse n'kutsuka mbale yake. Mvula itayamba ndinamutuma kukatseka zenera m'chipinda changa chosokera, momwe sanalowemo chiyambire, momwe muli chithunzi chachikulu cha Dindo pakhoma. Anatuluka akuseka.

"Tita Perlita, inunso? Tatay amamufera munthu ameneyu!"

Mtima wanga unavina. Bambo a Renz, asewere anga, okonda Dindo! Ndinali nditayamba kale kuona phwando la ukwati.

"Koma akadzabwera musadzayambitse za pa intaneti," anatero akudziwonjezera mpunga. "Pali mayi wina wamisala anawachotsa pagulu. Magazi anathamanga mpaka tinapita nawo kuchipatala. Amamutchula kuti Mfiti ya Chikepe. Akuti anawanena kuti ndi chiyani kaya... nkhosa?"

"Mbuzi," anatero Nestor, maso ali m'mbale.

"Eya, mbuzi! Mwadziwa bwanji, Tito?"

"Ndangoganiza."

Munga wa nsomba unandiima pakhosi. Kristel kundimenya kumsana, Renz kuthamangira madzi. Nestor anakalowa kubafa n'kutsegula mpopi, koma kuseka kwake kunkamveka kuposa madziwo.

Bambo a Renz dzina lawo ndi Eufemio Sumagaysay, kwawo amangoti a Femy. Anagwira ntchito ya wailesi m'sitima zonyamula katundu zaka zambiri, ndiko kunachokera "khutu la golide". Mbuzi ndi asewere anga.

Lachinayi, 9 Novembala

Ndapatsa mayi wina magalasi a mwamuna wake.

Lachisanu, 10 Novembala

Kristel akudziwa. Nestor akuti sanaulule, anangoseka mpaka mwanayo anamukakamiza. Masana Kristel wabwera kushopu atavala yunifolomu yake ya kubanki, n'kutembenuza yekha chikwangwani cha pachitseko kuti tatseka.

"Nanay, m'moyo wanga wonse ndikukupemphani chinthu chimodzi."

Ndinamukumbutsa za piyano, za galu, ndi za ulendo wa ku Cebu. Sanaseke.

Akuti a Femy anakhala zaka zambiri osalankhulana ndi mchimwene wawo weniweni chifukwa cha mtengo wa mango wa m'malire. Mango! Nanga ine amene ndinawanena mbuzi pamaso pa anthu zikwi?

"Inu ndinu mayi wamba amene anakondako nyimbo zija muli mtsikana. Pa Fesibuku mumangoonera maluwa ndi zidzukulu za anzanu. Renz asadziwe mpaka zonse zitatha. Mwamva?"

"Ndiye akandifunsa ndidzati ndi tambala?"

"Akafuna ng'ombe mudzati ndi ng'ombe!"

Maso ake anali atadzaza misozi. Ndinalonjeza nditagwira kolona.

Ndikufika kunyumba, foni kulira. Renz wakauza kale bambo ake za chithunzi cha pakhoma. Mbuzi yandipempha ubwenzi pa dzina langa lenileni, ndi uthenga pamwamba: "Asewere okondedwa, ndamva kuti m'nyumba mwanu muli kuwala. Lowani m'gulu lathu laling'ono, la anthu amakutu."

Loweruka, 11 Novembala

Ndalowa. Dzina lake "Makutu Enieni a Dindo". Anthu khumi ndi anayi. Mmodzi ndi mkazi wake, amene sanalembepo kanthu. Awiri ndikukayika kuti ndi Mbuzi yomweyo ndi mayina ena, chifukwa onse amalakwitsa kalembedwe pamalo amodzimodzi.

Pamwamba penipeni pa gulu, pokhomedwa kuti pasachoke, pali chithunzi cha mawu anga aja, atawazunguliza ndi mzere wofiira. M'munsi mwake alemba kuti: "Tisaiwale."

Andilandira ndi maluwa, mitima, ndi tambala wovina. Ndalemba kuti "Zikomo nonse" n'kukagona chafufumimba kanthawi.

Lamulungu, 12 Novembala

Pa Misa sindinamve chilichonse. Nditatuluka ndapeza uthenga wina wautali, ndipo uwu ndauwerenga mpaka kumapeto.

Akuti kasetiyo anaigula ku Manila tsiku lokwera sitima yake yoyamba. Miyezi yambiri m'nyanja zozizira za kumpoto, yekha m'kachipinda ka wailesi, anzake onse akumvera nyimbo zolira za magitala. Iye ankayika Dindo. Akuti makina a sitima ankagunda pansi pa mapazi ake, ng'oma za Dindo n'kumagunda nawo limodzi, mpaka anasiya kuopa nyanja. Tepi itatafunidwa anaikonza ndi cholembera ndi utoto wa zikhadabo wa mkazi wake umene anautenga kuti uzimukumbutsa kwawo.

Ine ndinamumva koyamba ku Manila komweko, ndikuphunzira za maso, tikugona atsikana asanu ndi mmodzi m'kachipinda kamodzi. Ndinali wakumudzi, ankandiseka kalankhulidwe, ndinkalira m'bafa. Tsiku lina masana pa wailesi ya mnzanga panatuluka kulira kwachilendo, kozizira, koyera, kopanda gitala ngakhale imodzi. Ndinasiya kusita. Zinali ngati wina watsegula zenera limene sindinkadziwa kuti lilipo. Bulauzi inapsa.

Nestor ndinamufotokozera zimenezi tisanakwatirane, anati "Ee, zabwino," n'kufunsa ngati bulauziyo inali yodula. Zaka zonsezi munthu woyamba kunena ndendende zimene ndimamva ndi Mbuzi. Zandikwiyitsa kwambiri.

Lolemba, 13 Novembala

Aliyense wolowa m'kagulu kaja amayenera kuvota: tambala kapena chikepe. Ku chikepe kulibe voti ngakhale imodzi. Ndimati ndingokhala chete, koma Mbuzi yandikumbutsa m'mawa, masana, ndi ndikutseka shopu. "Asewere, tikudikira khutu lanu."

Ndamuimbira Bebot ali pa nthawi yopuma. Ndamufotokozera zonse. Kunali zii, ndimayesa foni yaduka, kenaka ndamva akuuza mnzake kuti amugwirire tiyi.

"Vota tambala, Manang," anatero atapezanso mpweya. "Dindo akhululuka. Kristel sangakhululuke."

Ndavota. Chala chinachita kukana, ndinachikankha ndi dzanja linalo.

Lachiwiri, 14 Novembala

Sindinkadziwa kuti gulu langa lili ndi kazitape m'kagulu ka Mbuzi. Ndi Dodoy wa ku Winnipeg, amene ndakhala ndikumuyamikira chifukwa cha kukhulupirika. M'mawa waponya chithunzi cha voti yanga, ndi nkhope yanga yomwe, ija ndinajambulitsa pa ubatizo wa mwana wa Nene woyandikana nafe nyumba.

"Abale, Mbuzi yapeza mbuzi inzake. Perlita Gabasa wa ku Iloilo, wogulitsa magalasi."

Pofika masana ndemanga zinali zitadutsa mazana awiri.

"Akanagulitsa zothandizira kumva."

"Nkhope yakeyo ikuchita kuoneka kuti sanakwerepo chikepe."

"Tsitsi limenelo ndi la tambaladi."

Tsitsilo ndinakonzetsa ku saluni yabwino!

Ndinalemba ngati Mfumukazi kuti tisanyoze anthu amene sitikuwadziwa, mwina mayiyo ali ndi zifukwa zake. Anandiukira. "Mfumukazi yafewa." "Mfumukazi yakalamba." Dodoy anati mayi ameneyu atsekeredwe pakhomo asanayese n'komwe kulowa, anthu n'kuvomereza mwaunyinji.

Ndiye ndadzitsekera ndekha. Ndalemba dzina langa, ndadina, foni yandifunsa ngati ndatsimikiza. Bebot watumiza uthenga wa mawu, mulibe mawu, kuseka kokhakokha ndi kulira kwa makina a m'wodi.

Madzulo ndaona kuti nkhani yafika kwa Mbuzi. Walemba m'kagulu kake ndi zilembo zikuluzikulu: "WONYOZA ASEWERE ANGA WANYOZA INE. MAYI AMENEYU NDI WOLEMEKEZEKA NDIPO TSITSI LAKE NDI LABWINO."

Sindikudziwa choti ndichite ndi zimenezi.

Lachinayi, 16 Novembala

Nestor wayamba kulira ngati tambala akamadutsa kumbuyo kwanga. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wopuma ntchito ya boma, mkulu wa bungwe la abambo kutchalitchi.

Kristel akundiyesa mayeso tikamadya.

"Nanay, kaphokoso kaja n'chiyani?"

"Tambala."

"Mwetulirani."

"Tambala."

"Osati ngati mukuzulidwa dzino. Kachiwiri."

Loweruka, 18 Novembala

Makatani achapidwa, mipando yabwerekedwa kwa Nene, nkhumba ndi yathunthu. Ndakulunga timitanda ta supu ya molo mpaka zala kuuma. Mawa ndingokhala mayi wa maluwa ndi zidzukulu za anzanga. Maola ochepa chabe. Ndinabereka mwana ameneyu popanda mankhwala oletsa ululu, ndingalephere izi?

Lamulungu, 19 Novembala

Ndalephera.

Ndilembe mwadongosolo, mwina ndiona pamene ndikanaima.

Anafika dzuwa lili pamutu. Ndinkayembekezera chimunthu chamwano, koma pakhomo panaima kabambo kakang'ono, malaya oyera amwambo owongoka bwino, tsitsi lodetsedwa ndi mankhwala mpaka kunyezimira ngati nsapato. Anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Asewere, pomaliza!" Akazi awo, a Estrella, ndi aatali, osalankhulalankhula, chokupizira mphepo m'manja. Anabweretsa nkhuku yowotcha ya kwawo ndi bokosi la timakeke ta piaya.

Tinadya bwino. A Femy anayamikira molo wanga, anaseka nthabwala za Nestor, ngakhale ija ya wansembe ndi njinga. Kristel ankawala. Itakwana nthawi yoti anene chimene abwerera, anaimirira, n'kukonza kukhosi, ana n'kugwirana manja pansi pa tebulo.

"Ndisanalankhule," anatero, "nyimbo iyambe yatsegula mitima."

Anatulutsa m'chikwama wailesi ya kaseti yokulungidwa m'thaulo. Ndi kaseti ija. Yeniyeni, ya m'sitima, kadontho ka utoto wofiira kakuonekera pa tepi.

Ng'oma zitayamba ndinaiwala zonse. Tinaimba tonse awiri, mawu onse, iwo akumenya tebulo ndi supuni. Anandiyang'ana modabwa kuti mayi wa maluwa akudziwa ngakhale ndime yachitatu. Anagwetsa misozi, inenso. Kenaka ng'oma zinasiya, kaphokoso kaja n'kumveka.

"Mwamva, asewere?"

"Tambala," ndinatero. Ndi kumwetulira komwe. Ndinamva Kristel akutulutsa mpweya.

Zikanathera pomwepo! Koma munthuyo anali atatenthedwa.

"Mukuona? Munthu wamakutu! Osati Mfiti ija. Ine ndimachita kumuona m'maganizo mayi ameneyo. Sanakwatiwepo, amakhala ndi amphaka khumi, nyumba yonse fungo."

Ndinamwa madzi.

"Kaseti alibe ameneyo. Dindo anamudziwira pa foni dzana dzanali."

Kaseti ndili nazo zitatu, imodzi sinatsegulidwe. Ndinaluma tsaya. Phazi la Kristel linali pamwamba pa langa.

"Chimene samvetsa n'chakuti nyimboyi ndi yachisoni. Mnyamata wadikira usiku wonse mpaka kunja kwacha, tambala walira. Mtsikanayo sabwera, asewere. Sanabwere ndipo sadzabwera. Anamusiya!"

Zaka makumi anayi ndakhala ndikumuona mtsikana ameneyo akutuluka m'chikepe. Ndikudziwa ndi diresi limene wavala.

"AMABWERA!" Ndinapezeka nditaimirira. "Amabwera, mbuzi yogontha iwe!"

Nestor anali ndi khutu la nkhumba m'manja, pakati pa mbale ndi pakamwa.

A Femy anavula magalasi pang'onopang'ono. Anandiyang'ana kuyambira kutsitsi.

"Mfumukazi ya Chikepe?"

"Kunyumba kuno timangoti Perlita," anatero Nestor.

Anatulutsa kaseti. Anakulunga wailesi m'thaulo, ngodya ndi ngodya. Anaweramira Nestor n'kunena kuti chakudya chinali chokoma, n'kutuluka. A Estrella anawatsatira, chokupizira chili pakamwa, mapewa akugwedezeka, sindikudziwa ngati ankalira. Renz anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi n'kuthamangira makolo ake.

Kristel sanakuwe. Bola akanakuwa. Anangoti, "Chinthu chimodzi, Nanay," n'kukalowa kuchipinda.

Palibe amene wapempha aliyense. Nkhumba yatsala yoposa theka.

Lolemba, 20 Novembala

Kristel wapita kuntchito osadya. Ndinaima pachitseko chake m'mawa n'kunena kuti pepa mwanawe. Sanayankhe.

Nestor wasiya kulira ngati tambala. Wanditengera khofi kukhonde n'kukhala nane, kenaka wati, "Perl, mwana uja walira kwambiri." Basi. Akanandikalipira zikanandipepukira.

Gulu sindinalitsegule. Bebot ayang'anire yekha.

Lachiwiri, 21 Novembala

Nkhumba m'mawa, nkhumba masana. Nene wakana kulandiranso.

Lachitatu, 22 Novembala

Foni ya kushopu yalira ndikupukuta magalasi. Mawu a mayi, odekha.

"Asewere, ndine Estrella."

Ndinayamba kupepesa, anandidula.

"Musapepese kwa ine. Ine ndinaseka kuyambira pakhomo panu mpaka padoko la Bacolod, anthu m'boti ankayesa ndaledzera. Zaka ziwiri ndakhala ndikudya ndi Mfiti ya Chikepe patebulo langa, m'mawa ndi madzulo. Ndinkafuna nditaiona."

Akuti a Femy adzitsekera m'chipinda chawo chakumbuyo, akulemba yankho ndi zala ziwiri, lafika masamba angapo. Akudya kawiri kuposa kale. Dzulo amaimba mluzu posamba.

"Chiwachotsereni pagulu paja sindinawaone amoyo chonchi. Koma akuti sangapemphe kanthu m'nyumba ya munthu amene wawanena mbuzi kawiri. Renz sakudya. Wanuyo?"

"Sakundilankhula."

"Ndiye bwerani Loweruka, nonse. Ine ndi a Nestor tikhala pakati. Mipeni ndibisa."

Ndamuuza Kristel kudzera pachitseko. Patapita kanthawi wati, "Mukavale diresi labuluu lija." Mawu oyamba kuyambira Lamulungu.

Loweruka, 25 Novembala

Ndikulemba ndili m'boti, tikubwerera.

Anatikhazika patebulo lalitali, a Femy uko, ine uku, ena onse pakati. A Estrella anati aliyense anene chimene akufuna, mmodzimmodzi, mopanda kutchula nyama iliyonse.

A Femy anatulutsa mapepala awo. Akufuna ndilembe pamaso pa anthu zikwi zitatu kuti ndi tambala. Ndinati ndinavota kale tambala ndipo ndinanyozedwa tsitsi chifukwa cha iwo. Anati voti yachinyengo siwerengedwa. Ndinati iwo abweze kaye za amphaka khumi. Anati amphakawo anali a Mfiti, osati a asewere. Ndinati ndi munthu mmodzi! Anati ndiye vuto lakelo! Ndinati nyimbo yotchedwa "Chikepe" ingathe bwanji ndi nkhuku? Anati kodi ndinamvapo chitseko chotseguka ndi mawu okwera kumapeto? Tonse tinali titaimirira. Nestor ankadya piaya.

Amene anamenya tebulo ndi Renz. Renz! Mwana amene amapepesa akaponda mthunzi wa munthu.

"Zakwana! Tatay, Tita, khalani pansi. Ine ndi Kristel tagwirizana. Tikwatirana, mupemphe musapemphe. Ndipo pa ukwati wathu Dindo sadzamveka ngakhale pang'ono. Woika nyimbo tamuuza kale."

"Mwana iwe..." anatero a Femy.

"Ndakula nazo nyimbo zimenezi, Tatay. Zimamveka ngati firiji yowonongeka."

"Ndipo amaimba ngati munthu wachimfine atavala ndowa kumutu," anawonjezera Kristel. Mwana amene ndinkamugoneka ndi mbali yachiwiri ya kasetiyo!

Tinakhala pansi. Ndinayang'ana a Femy. Iwo anayang'ana ine.

"Asewere," anatero motsitsa, "mwanayu munamulera bwanji?"

"Nanga wanuyo?"

Anapinda mapepala awo n'kuwaika m'thumba. "Tabwerani muone china chake."

Chipinda chakumbuyo n'chodzaza mawaya ndi mawailesi akale. Pakona panali chinthu chofundidwa nsalu ya patebulo. Anaivundukula ngati wansembe.

Kiyibodi. Mtundu womwewo umene Dindo ankaimba, wa matabwa m'mbali ndi timabatani tambirimbiri. Anaigula yakale padoko lina ku Japan n'kugona nayo pabedi ulendo wonse kuti isanyowe. Ine ndaiona pazithunzi moyo wanga wonse, koma sindinayambe ndaimapo pafupi.

"Woika nyimbo amuletsa," ananong'ona. "Koma ndani angachotse kholo limene laima kale kutsogolo ndi chida chake? Pamaso pa alendo? Vuto ndi ili." Anandionetsa dzanja lamanja, zala zotupa m'mfundo. "Lamanzere likugwira. Ndikusowa lamanja."

"Ine sindidziwa kuimba chida chilichonse."

"Makutu mulibe, zimenezo tikudziwa. Koma zala muli nazo. Ukwati ndi wa mu Meyi. Dinani apa."

Ndinadina. Kunatuluka kulira kuja, kozizira, koyera, kuchokera pansi pa chala changa ine Perlita. Ndinakhala pa bokosi la mawaya. A Femy anangoyang'ana kudenga mpaka nditamaliza kupukuta m'maso. Kenaka anati ndadina mwamphamvu kwambiri, si belu la pakhomo.

Tinali pa mzere wachiwiri pamene a Estrella anagogoda.

"Femy, pali chimene waiwala."

A Femy anatulutsa mutu wokha pachitseko. "A Nestor! Mwana wanuyo tikumufuna!"

"Mutengeni!" anayankha Nestor, m'kamwa muli modzaza.

"Basi?" Ameneyo ndi Kristel. "Ndi zomwezo? Ndinagula diresi!"

A Estrella anati zidzachitikanso mwaulemu Lamulungu likubwerali, kwathu, popanda wailesi, ndipo adzasecha chikwama okha. Kristel anabwera kudzaima pakhomo la chipindacho, manja m'chiuno, kufunsa kuti awirife tikupangana chiyani. Tinayankha limodzi kuti palibe. Anatiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anabwera kudzandikonza kolala ya diresi, imene sinapindike n'komwe.

Kiyibodi andibwereka kuti ndikayeserere. Aikulunga m'bulangeti la a Estrella n'kuimanga ndi malamba awiri. Padoko a Femy anakana kuti ilowe kumene kumakhala katundu, anakangana ndi wantchito mpaka mzere unaima. Malangizo: isaone dzuwa, isayandikire khitchini, Nestor asaikhudze.

Boti ladzaza. Nyanja yavuta pang'ono, ndiye ndikulemba ndi dzanja limodzi, linalo ndagwira bulangeti. Kiyibodi yakhala pampando wa pazenera, pafupi ndi ine. Nestor waimirira.